Kumanzere kwa Brolga

A Clarrie Dowd anadzuka ntchentche zisanadzuke, ndipo pamene dzuwa limasuzumira pamwamba pa mitengo ya mulga n'kuti atamupesa kale Brolga kuyambira kukhosi mpaka kumchira. Hatchi imeneyi chibadwire inali isanasamalidwepo chotere. Kuno hatchi ya ntchito sitiikongoletsa ngati mkwatibwi, timangoipukuta msana ndi chiguduli n'kuponyapo chishalo basi. Koma tsiku limeneli kumabwera wogula.

"Mumumaliza ubweya wonse, bambo," anatero Raelene, mwana wawo wamkazi, akudutsa ndi katoni ya mbale kupita kugalimoto. "Mtsikanayo akufuna hatchi, osati kalilole."

"Iwe longedza mbale zakozo."

Famu ya Coolabri inali itagulitsidwa. A Clarrie sanali eni ake ayi. Anali woweta ng'ombe wa pa hatchi, anafika pamalopo ndevu zisanamere n'kukalambira pomwepo. Ogulawo, kampani ina ya kumzinda, sankafuna ng'ombe ngakhale imodzi. Akuti iwo amalipidwa posiya mitengo kuti izimera yokha n'kumayeretsa mpweya. Titamva koyamba tinaseka mpaka misozi. Tinasiya kuseka titaona malole akutuluka ndi ng'ombe zomaliza. Loweruka anthu a kampaniyo ankabwera kudzatseka mipope ya madzi n'kukhoma mageti onse, ndipo pofika tsikulo a Clarrie anayenera kukhala ali m'tauni ya Charleville, m'chipinda chakumbuyo kwa Raelene, pa nyumba ya bwalo loti ukayanika mabulangete awiri ladzaza.

Nanga Brolga akanapita kuti? Mkuluyu anayenda mafamu onse oyandikana nawo chipewa chili m'manja, chinthu chomwe anali asanachitepo. Kulikonse anamwetsedwa tiyi n'kukanizidwa mwaulemu. Chilala chinali chitakhazikika, anthu akugwetsa mitengo ya mulga kuti ng'ombe zidye masamba, ndiye ndani akanalandira pakamwa pena? Kumusiya m'tchire kunali kumupha ndi ludzu, poti madzi a kuno amachokera m'mipope. Kunatsala njira ziwiri: wogula wofuna hatchi yokwera, kapena Lenny Pascoe, amene amagula mahatchi okalamba n'kukawagulitsa kopangira nyama ya agalu.

Raelene anabwerera kuchokera kugalimoto n'kudzatsamira mtanda wa khola. Anawayang'ana abambo ake nthawi yaitali.

"Bambo, bondo lanu lovuta lija ndi liti?"

"Onse awiri ndi nkhuni zokhazokha."

"Musandizembe. Ndine ndinakuperekezani kuchipatala. Ndi lakumanja."

A Clarrie anapitiriza kupesa malo opesa kale.

Hatchi imakweredwa kumanzere. Mwana wa kuno amadziwa zimenezi asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Umaifikira kumanzere, umamanga chishalo uli kumanzere, kukwera ndi kutsika komwe n'kumanzere. Koma a Clarrie, chiyambire chaka chomaliza chimene kunagwa mvula yeniyeni, ankakwera Brolga kumanja. Anyamata a pafamu anawaseka mpaka kutopa, ati mdala waiwala dzanja lodyera. Iwo ankangoti, "Ndi bondo, ana inu, mudzakalamba mudzaona," ndipo nkhani inkathera pomwepo.

"Munthu wa bondo lakumanja lovunda angakwerere kumanja, n'kumaliunjikira thupi lonse tsiku ndi tsiku?" anatero Raelene. "Ndakhala ndikukuonani mukuluma mano pokwera. Brolga saona, eti? Diso lakumanzere."

"Amaona zokwanira."

Chinali chitsa cha nthambi youma chimene chinamulasa akuthamangitsa ng'ombe m'tchire lowirira. Bala linapola bwinobwino, diso n'kukhala lowala, lonyezimira ngati linzake, koma m'kati munali mutazima. A Clarrie anazindikira tsiku limene Brolga anagunda nsanamira ya geti yomwe anaidutsa moyo wake wonse. Sanauze munthu. Akafuna kumufikira kumanzere ankayamba aimba kamluzu kapansipansi, kanyimbo kopanda mutu, kuti adziwe kuti mumdimamo muli munthu wake. Akakwera, mwendo wawo wakumanzere ndiwo unkakhala diso: pali chitsa, akanikiza; pali dzenje, akanikiza. Awiriwa anagwira ntchito chotero mpaka ng'ombe zomaliza kukwera lole, popanda wodziwa.

Raelene anapukusa mutu. Anaphunzirira kukwera pa mayi wake wa hatchi yomweyi, ndipo mawu anamutuluka olimba kuposa mmene ankafunira.

"Ndiye mverani, bambo. Akafunsa, muyankhe. Akapanda kufunsa, mutseke pakamwa. Si inu nomwe munandiphunzitsa kuti wogula hatchi amabwera ndi maso ake?"

Anali iwodi. Ndiwo malonda a mahatchi kuno: wogula ayang'ane mano, anyamule ziboda, akwere. Chimene sanachione ndi chake.

Asanayankhe, kunamveka kulira kwa lole kumsewu wafumbi. Inali ya Lenny. Lole imeneyi umayamba kuinunkhiza usanaione, ndipo mahatchi amaidziwa. Brolga anaimika makutu n'kubwerera kukona ya khola.

Lenny sanazimitse injini. Anangotulutsa mutu wake wadazi pawindo.

"Clarrie! Ukadali moyo, nkhalamba iwe? Ine ndimati lero ndikweza iweyo, hatchi n'kuisiya!"

"Agalu angasanze. Pitiriza ulendo, khwangwala iwe."

"Ndikukatenga mahatchi atatu kufamu ya a Hegarty, ndidutsanso dzuwa likapendeka. Malo ndikusungira, aise."

"Usavutike. Kukubwera wogula weniweni."

"Onse amatero," anatero Lenny, akuseka. Lole inachoka, fumbi lake n'kutsala likutera pa msana wopesedwa uja.

Wogulayo anafika dzuwa litakwera, pa kagalimoto kokoka ngolo ya hatchi. Dzina lake anali Tegan Moffat, mtsikana wowonda, wamphuno yosupuka ndi dzuwa, manja ake okakala ngati a mwamuna wokumba zitsime. A Clarrie anangoona mmene anatsekera geti pambuyo pake osauzidwa, n'kudziwa kuti uyu wakulira m'khola. Mtima wawo unakondwa, kenako unazizira.

"Ndiye uyu Brolga wotchuka uja," anatero Tegan. "Miyendo kutalika ngati mbalame ya dzina lakeyo! Ndingamuone, achikulire?"

"Ndi zimene wabwerera."

Analowa m'khola n'kulunjika kumanzere, monga aliyense woleredwa bwino akanachitira. A Clarrie anamutsatira pambuyo pang'ono, manja m'matumba, n'kuyamba kamluzu kaja. Khutu la Brolga linatembenuka. Anaima phee. Mtsikanayo anamusisita khosi, anamutsegula pakamwa, ananyamula ziboda chimodzichimodzi, anakanikiza msana ndi zala. Anayang'ananso m'maso onse awiri, ndipo onse awiri anamuyang'ana, akuda, onyowa, ofatsa.

"Si mwana ayi," anatero.

"Sindinati ndi mwana. Koma anawo amutsatira pambuyo akupuma wefuwefu."

"Nanga kanyimboko ndi ka chiyani? Simukusiya chilowereni."

"Mano anatha, mphepo imangotuluka yokha."

Tegan anaseka. Raelene, amene anali pakhonde, anayang'ana kumbali.

Chishalo chitamangidwa, mtsikanayo anakwerera kumanzere mluzu ukulira, ndipo anafunsa koyesera. Kumbuyo kwa khola kunali tchire la mulga, lodzaza zitsa ndi maenje, kumene hatchi ya ng'ombe imayesedwera. A Clarrie analoza kwina, kudambo louma lomwe ndi losalala ngati tebulo, lopanda ngakhale kamtengo.

"Pita uko. Kutchireko kuli waya wakale, angamucheke."

Kunalibe waya. Bodza linatuluka mosavuta moti iwo eni anadabwa.

Abale, hatchi inathamanga tsiku limenelo! A Clarrie anakwera pa mtanda n'kumaonerera kafumbi kofiira kakuzungulira dambo. Anali asanamuonepo Brolga ali patali chotere, poti nthawi zonse ankakhala pamsana pake. Brolga ankaima pamene wauzidwa, ngati wakhomedwa msomali, n'kutembenuka pa miyendo yakumbuyo, n'kuliyatsanso liwiro. Mtsikanayo anali ndi manja opepuka, sankakoka chingwe ngati akutunga madzi. Mkuluyu anamva nsanje, anamvanso kunyada, zonse pamodzi.

Tegan anabwerera nkhope ikuwala.

"Achikulire, uyu amamva maganizo! Ndisanaganize n'komwe zokhota, iye wakhota kale. Mukumugulitsiranji?"

"Kumene ndikupita kulibe khola."

Anamumasula chishalo n'kumusiya m'khola, iwo n'kukakhala pakhonde. Raelene anathira tiyi m'makapu omwe anali asanalongedze, n'kudula buledi ndi nyama yamchere. Za mtengo sanalimbane. Mtsikanayo anatchula zimene anali nazo, a Clarrie anagwedeza mutu. Tegan ankadya ngati munthu amene wayendetsa galimoto kuyambira mbandakucha, akulankhula chakudya chili m'kamwa.

"Brolga akasangalala kumene tikupitako. Ndapeza ntchito kumpoto, ku Gulf. Kumeneko mvula imagwa, mayi, osati zanu za kunozi. Udzu umafika m'mawondo uli pa hatchi. Akanenepa mpaka simudzamuzindikira."

Raelene anayang'ana abambo ake ndi diso loti, mwamva?

Anamva. Anamuona Brolga m'maganizo, ali mu udzu wobiriwira, nthiti zitabisika. Chiyambire chilala hatchiyi inali isanalawe chobiriwira.

"Ntchito yanji?" anafunsa a Clarrie.

"Kugwira nkhunzi zakutchire. Zija zobadwira m'nkhalango, zosaonapo munthu. Anyamata amagwiritsa magalimoto, koma kumene mitengo yathithikana galimoto silowa, ndiye amafuna wa pa hatchi. Abwana ati ndibwere ndi yanga, yoti ndimaikhulupirira." Anapukuta pakamwa ndi dzanja. "Ndi hatchi yoyamba kugula ndi thukuta langa. Paja inunso munagwirako ntchito imeneyi, ndinamva."

"Kalekale."

Tiyi anawazizirira m'manja. Ntchitoyo ankaidziwa, ndipo chipsera chake chinali pantchafu. Umathamanga ndi nkhunzi phewa ndi phewa pakati pa mitengo mpaka itatopa, ndiyeno umadumpha n'kuigwetsa poikoka mchira. Koma nkhunzi yakutchire simatopa mwaulemu. Imatembenuka mwadzidzidzi, nyanga zili pansi, ndipo wokwera amaona mochedwa nthawi zonse. Imene imaona ndi hatchi. Imadumphira kumbali iwe usanadziwe n'komwe kuti imfa inakudutsa pamwendo. Nkhunzi ikakhala kumanja, Brolga akanamupulumutsa mwana ameneyu kangapo konse. Ikakhala kumanzere, akanathamanga mokhulupirika, osaona kanthu, mpaka nyanga italowa.

Mwinanso sizikanachitika. Mwina mtsikanayo akanazindikira yekha pakapita masabata, n'kuwatukwana ali kutali, Brolga ali mu udzu. Mwina. Mkuluyu anagwira mawu amenewa ngati munthu wogwira nthambi yowola.

Tegan anaimirira, anapukuta dzanja pa buluku n'kulitambasula.

"Ndiye tapangana, achikulire?"

Kuno kulibe mapepala pa malonda a hatchi. Mukagwirana chanza, yatha, ndipo wobweza mawu sadzamwanso mowa ndi anthu. A Clarrie analiyang'ana dzanjalo. Linali laling'ono, chala chimodzi chopindika, chothyokapo kale. 

"Yamba wakamutenga," anatero a Clarrie. "Umukweze m'ngolo tione ngati alola. Chanza tigwirana pambuyo."

"Bambo," anatero Raelene.

"Pita, mwanawe. Koma uyende pang'onopang'ono, ndipo usamuyandikire ndi thupi. Utambasule dzanja lokha."

Tegan anawayang'ana modabwa, n'kutenga chingwe. A Clarrie anamutsatira mpaka pa geti la khola n'kuima pomwepo. Brolga anali ataima pamthunzi, mutu uli pansi, akuwodzera ndi kutopa kwa liwiro lija. Pampu ya madzi yoyendera mphepo inkalira kwee, kwee, ndipo fumbi la m'khola linkameza mapazi. Mtsikanayo anazungulira n'kulowera kumanzere. Milomo ya mkuluyu inasongoka yokha, mwa chizolowezi. Anailuma mpaka kumva mchere wa magazi.

Dzanja litangokhudza khosi, hatchi inaphulika. Inadumphira kumbali n'kukagunda mitanda ndi phewa, khola lonse gwedegwede, kenako inazungulira msangamsanga kuti ione ndi diso lakumanja chimene chaigwira. Tegan anagwa chagada m'fumbi. Brolga anaima pakona akunjenjemera thupi lonse, mphuno zitatukumuka, akufunafuna a Clarrie. Atawapeza anawayang'ana, ndipo iwo analephera kupirira, anagwetsa nkhope.

Mtsikanayo anadzuka osadzisasa n'komwe. Analankhula ndi hatchiyo motsitsa mpaka inadekha, n'kuifikira chakutsogolo. Kenako anavula chipewa n'kuchikupiza pafupi ndi diso lakumanja. Linaphethira. Anachikupiza kumanzere, pafupi moti chinatsala pang'ono kukhudza nsidze. Diso linangokhala chiyang'anire, lowala, lokongola.

"Kanyimbo kaja," anatero osatembenuka.

"Eya."

"Ndi waya wa kutchire uja."

"Kulibe waya."

Apo ndiye anatembenuka. Nkhope inali itafiira, ndipo ulemu wonse unali utathawa.

"Mukanandipha, mdala inu! Mwakhala apo mukundimwetsa tiyi, ine ndikukuuzani za nkhunzi, inu mukudziwa! Mukanandipha!"

"Ndikanakupha," anavomera a Clarrie.

Anayembekezera kuti atukwanidwa zambiri, ndipo akanakonda zimenezo. Koma Tegan anangotsamiritsa chipumi pa khosi la Brolga, mbali yoona. Mapewa ake ankagwedezeka.

"Sindinakwerepo hatchi ngati iyi," anatero potsiriza. "Ndikanakhala ndi malo anga... Koma abwana sadyetsa hatchi yosagwira ntchito. Ine ndemwe ndimagona m'hema."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mutani naye?"

"Yenda bwino, mwanawe. Ukagule ya maso awiri, ndipo chipewa uzikupiza usanamwe tiyi wa munthu."

Sanagwirane chanza. Kagalimoto kanatuluka ngolo ili gwedegwede, yopanda kanthu, koma pa geti kanaima, mtsikanayo n'kutsika kukatseka.

Raelene anadikira mpaka fumbi litatera.

"Mwachita chiyani, bambo? Udzu unali m'manja mwanu! Sanafunse! Anayang'ana yekha m'maso, osaona kanthu, ndiye mlandu wanu unali pati?"

"Mtsikanayo ali ndi amake kwinakwake."

"Nanga Brolga? Mwamupereka kwa Lenny ndi manja anu awiri. Kuona mtima kwanuko adya ndi agalu!"

Atatero anaphimba pakamwa, n'kulowa m'nyumba akulira. A Clarrie anamva mbale zikuikidwa m'katoni mwaukali, imodzi n'kusweka. Sanamukwiyire. Zimene ananenazo iwonso ankadziuza, ndipo sanamve kupepuka kulikonse mumtima, kunena zoona. Anangomva kukalamba.

Lenny anafika dzuwa litapendeka, monga ananenera. Ulendo uno anazimitsa injini n'kutsika, akukweza buluku lomwe mimba inkalikankhira pansi. Anayang'ana m'khola, anayang'ana matayala a ngolo m'fumbi.

"Wogula weniweni uja wapita wopanda kanthu, eti? Wapeza chiyani, chifuwa?"

"Diso. Lakumanzere."

"Diso?" Lenny anayandikira n'kusuzumira. "Ha! Ine sindikanaona. Wamaso akuthwa mtsikanayo."

"Ndamuonetsa ndine."

Lenny anawayang'ana ngati aona munthu akuthira mowa pansi.

"Unali chitsiru tili anyamata, Clarrie, ndipo ukalowa m'manda uli chitsiru. Chabwino. Kwa ine zilibe kanthu, ine ndimagula kulemera, ndipo diso sililemera. Bweretsa chingwe."

A Clarrie anapita kumbuyo kwa lole n'kusuzumira pa mipata ya matabwa. Munali mahatchi othithikana, osadziwana, akuda ndi thukuta. Yaikulu ina inaluma inzake pakhosi, yolumidwayo n'kuponya mateche mwakhungu, zitsulo n'kulira. Ulendo wake unali wa tsiku lonse ndi usiku womwe, wopanda madzi. Anaganiza za Brolga ali pakati pamenepo, mano ndi ziboda zikumufikira kuchokera mumdima wa kumanzere, iye akutchera khutu kufuna kamluzu, mpaka kukafika.

"Sindikugulitsa."

"Wati chiyani?"

"Ndikumusunga."

"Umusunga kuti, m'thumba la malaya? Loweruka akutseka madzi, mdala!"

"Pompano. Anabadwira pano."

Lenny anatsegula pakamwa kuti aseke, koma anaona nkhope ya mnzakeyo n'kutseka. Munthu ameneyu timamunena zambiri, koma naye anakulira pa chishalo. Anavula chipewa n'kupukuta dazi ndi mkono.

"Ukufuna ndikuchitire ine? Dzanja langa silinjenjemera. Sinditenga kanthu, ndimusiya pomwepo."

"Ayi. Ndi wanga."

Lenny anagwedeza mutu, poti yankho analidziwa asanafunse. Kuno hatchi imene yakunyamula sumaipatsa munthu wina kuti aimalize. Anakwera lole n'kuchoka osaliza hutala.

Raelene anatuluka atamva chishalo chikumangidwa. Anaona mfuti ili m'chikopa chake pambali pa chishalo, pamene inkakhala nthawi zonse akamapita kukayendera mipanda. Maso ake anali otupa. Anatsika pakhonde, anakumbatira mutu wa Brolga n'kumunong'oneza zinthu zimene abambo ake sanamve. Kenako analowa m'nyumba n'kubwera ndi shuga wotsala m'chitini, n'kuwathirira m'thumba la malaya.

"Ndipite nanu?"

"Ayi. Ukamva mfuti, ubwere ndi galimoto kudziwe. Bondoli silinganyamule chishalo mtunda wonsewo."

Anakwerera kumanja. Bondo linalira, iwo analuma mano monga mwa masiku onse.

Sanadzere kudambo. Analowa m'tchire la mulga lija, la zitsa ndi maenje, ndipo anamulola kuti athamange pang'ono. Chitsa, mwendo unakanikiza, Brolga anapatuka. Dzenje, mwendo unakanikiza, Brolga anadumpha. Palibe nthambi imene inawakhudza. Anadutsa zomwera ng'ombe zimene zinali zikudonthabe madzi, akangaru owonda atagona mozungulira osafuna n'kuthawa komwe. Anaima kuti Brolga amwe, ndipo anamusiya amwe mpaka atakweza mutu yekha, madzi akuyenderera kumilomo.

Dziwe linali louma, matope ake atang'ambikang'ambika. Pagombe pake panali mtengo waukulu wa coolabah, ndipo pansi pake mafupa a mayi wake wa Brolga anali akuonekabe, oyera, obalalika ndi agalu akutchire. A Clarrie anatsika. Anamasula chishalo n'kuchikoleka pa nthambi, anachotsa chitsulo cha pakamwa, anapukuta thukuta la pamsana ndi chipewa chawo. Pamene pankakhala chishalo panali madontho a ubweya woyera, zipsera za zaka zonse zimene anawanyamula. Anathira shuga pa mwala wafulati, Brolga n'kuweramira pomwepo.

Anasolola mfuti ali kuseri kwa mtengo, n'kuzungulira patali mpaka kufika kumanzere. Kumeneku sakanaona chilichonse, ngakhale mfuti, ngakhale nkhope yawo, imene sinali yoti hatchi iione. Anayandikira mwakachetechete. Mphepo inali itaima, ndipo kunkangomveka lilime likunyambita mwala.

Kukhala chete kunali kwapafupi. Sakanadziwa kanthu, akanapita shuga ali m'kamwa. Koma lero lomwe anali atamusiya kale yekha mumdima umenewu kamodzi, ndipo anaona mmene anawafunira ndi diso limodzi lija.

Anasongola milomo. Munali mouma, munangotuluka mpweya. Ananyambita pamene anadziluma paja n'kuyesanso, ndipo kanyimbo kopanda mutu kaja kanatuluka, kosasa, konjenjemera.

Brolga anasiya kunyambita. Anatembenuzira khutu kumanzere, anapuma mpweya wautali, n'kuima phee, monga ankachitira podikira kuti munthu wake akwere.